Chipika Chosewera Nsolo

"Atate ake a Juliet, nkhani zanu za pafoni muzikayankhulira kudimba. Munthu wagona pamphasayo akumva. Makutu alibe chitseko."

A Vainess ananena mawuwa ali kuseri kwa khoma, atafulatira khomo, manja akuswa nsawa m'lichero. Mkamwini wawo Patson anali chiimire pakhomo, nayenso nkhope atalozetsa kumsewu, pakuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana ngakhale mkangano utafika potani.

Patson anaseka. Anati vuto la amayi ndi loti chilichonse amachenjeza. Dzana anati foni isatchajidwe mitambo ikada, dzulo anati ana asadye kapenta wa kumsika kuli mphepo, mawa adzati tambala akulira mokayikitsa. Munthu angasunge ziti, angataye ziti?

"Ndipo amene mukuti akumvayo ndani? Amake Juliet anapita tsiku limene anagwa kumunda. M'nyumbamu mwatsala chipika chopuma."

"Lungalunga n'pobadwa, atate. Chilema chichita kudza. Inu miyendo yanuyo simunaigule."

"Zamiyambi tazimva. Ine ndikukuuzani monga ulemu chabe. Mwambo wa Kulamba ukangotha ku Mkaika, Juliet ndipita naye ku Vubwi, akakhale kwa mlongo wanga, akaphunzire. Mwana sangaleredwe ndi chipika ndi nkhalamba yoopa chithunzithunzi chake chomwe."

A Vainess anati mwana ndi wa pamudzi pano, mkamwini sanyamula ana ngati akunyamula nkhuku zake. Patson anati mwambo umenewo umagwira mayi wa mwana akakhalapo. Apa mayi ali kuti? Amuyankhe ndani? Anatseka chitseko ndi phazi n'kupita.

Winfrida, amake Juliet, anamva zonse. Anali chigonere pamphasa, mutu pakapilo, maso kudenga. Matenda a sitiroko awa, inu, ndi oopsa, sagogoda pakhomo. Anamupeza akuzula nsawa, mayi wamphamvu woti ankasenza thumba yekha, ndipo pomwe ankabwera naye kuchokera kuchipatala anali atamulanda manja, miyendo ndi lilime lomwe. Phala ankameza pang'onopang'ono ngati khanda. Koma mutu unali wonse, makutu onse, ndi maso awiri.

Za mlongo wa ku Vubwi zinali zabodza, ndipo pamudzi ponse amene ankadziwa anali Winfrida yekha. Patson ankaimba foni atakhala pampando womwe uli kumutu kwa mphasa, nthawi zina phazi atatsamiritsa pakapilo. Ankayankhula ndi mkazi wina dzina lake Scholastica, wogulitsa zitenje paboma la Vubwi, amene anali ndi khanda lake la Patson yemweyo. Mayiyo ankafuna kamtsikana komubereka mwana iye akamawoloka malire kukaoda katundu. Patson anamuuza kuti asavutike kufuna wantchito, Juliet alipo, ndi wakhama, za sukulu tizingonena pakamwa kuti nkhalamba zikhale chete. Atatero anayasamula, n'kutenga chitenje n'kumuphimba nacho mkazi wake kumaso.

Chitenjecho ankati n'choteteza ntchentche. Winfrida ankadziwa kuti ntchentche sizinali kumuvuta Patson, ankamuvuta ndi maso. Alendo akabwera ankakoka chitseko, n'kuwauza kuti wodwala wagona. Anzake a kutchalitchi anabwera, anabweranso, kenaka analeka, poti munthu sungamayendere chitseko. Umu ndi mmene anthu amaikira m'manda munthu akupuma, ndipo samalani, amene amachita zimenezi si afiti ayi, ndi abale omwe amadya nanu mbale imodzi.

A Vainess anayesapo. Tsiku lina anagwada pamphasa n'kunena kuti mwana wanga, ngati ukundimva phethira kawiri. Winfrida anaphethira kawiri. A Vainess anathamanga kukauza mkamwini, atafulatira monga mwa nthawi zonse. Patson anati ndi nkhuku yomwe imaphethira, kodi nayonso tiziifunsa za ana?

Juliet anali m'giredi yachisanu. Akaweruka ankabwera kudzamuchotsa mayi wake chitenje, n'kumupukuta kukamwa, n'kumamuuza za kusukulu, amene wamenyedwa, amene wang'amba yunifomu. Za Vubwi ankazikondwera, poti atate anamuuza kuti sukulu ya kumeneko ili ndi magetsi. Winfrida ankamuyang'ana mpaka maso kuwawa, mawu atadzaza pakhosi ngati madzi m'chitsime chopanda chingwe.

Sabata yotsatira kunabwera Sarah. Ameneyu anali mtsikana wa kuchipatala cha mishoni, wa ntchito yowongola ziwalo, ndipo ankayendera odwala m'midzi pa njinga yamoto. Ndi amene anaphunzitsa a Vainess kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda. Tsiku limeneli anatulutsa m'chikwama kompyuta yopinda ngati buku, n'kumata m'munsi mwa galasi lake kandodo kakuda kotalika ngati mpeni.

A Vainess anaima pakati. Anati zimenezi anazimva, zimayamwa madzi a m'maso, mwana wa kwa aneba anaonera mafilimu pafoni mpaka pano amavala magalasi. Mwana wawo watsala ndi maso okha, ndiye awotchedwenso?

"Ambuya, musayope," anatero Sarah m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Aka ni kakamera chabe. Kaona pamene maso ayang'ana, basi. Ni gemu, monga ya ana, koma m'malo mwa chala aseweretsa maso."

A Vainess anati ayambe iwo, ngati n'kuchita khungu achite iwo amene aona kale zokwanira. Anakhala pansi, anatong'ola maso, ndipo pagalasi panauluka zibaluni zofiira. Chimene anachiyang'ana chinaphulika. Anabwerera m'mbuyo n'kugunda mtsuko, n'kunena kuti chinthu chomvera maso si chabwino kugona nacho m'nyumba. Koma anapatuka.

Anamutsamiritsa Winfrida kukhoma ndi mapilo ndi thumba la madeya, kompyuta n'kuiika pampando patsogolo pake. Sarah anati poyamba kandodoko kayenera kuphunzira maso ake, choncho atsate kadontho kamene kaziyenda m'makona. Kadontho kanapita kumwamba, Winfrida anakatsata. Kanatsika, anatsika nako. Kenaka zinabwera zibaluni. Anasankha chimodzi chakumanzere, anachigwira ndi maso osachisiya, ndipo chinaphulika.

Chigwereni kumunda, chinthu choyamba padziko lapansi kusuntha chifukwa iye wafuna chinali chimenecho. Misozi inadzaza, kandodo kanataya maso ake, zibaluni zinangodutsa. Sarah anamupukuta n'kumuuza kuti kulira aziyamba walira, kamera sikonda madzi.

Atatopa nazo zibaluni, Sarah anafunsa ngati amayiwa ankadziwa masewera ena. A Vainess anati nsolo. Anati ali mtsikana ankakumba maenje kuseri kwa nkhokwe n'kumadya amuna akuluakulu mpaka iwo anamuletsa, poti mtsikana wodya amuna pansolo sakwatiwa msanga. Sarah anaseka, n'kunena kuti nsolo ilimo, anaikamo ana asukulu ena a ku Lusaka. Pagalasi panaoneka mizere inayi ya maenje, miyala ili m'kati. Ukayang'ana dzenje osasuntha, kamkombero kamalizungulira, kakatseka miyala imanyamuka yokha n'kuyamba kugwa m'maenje otsatira.

Tsiku limenelo kompyuta inamudya Winfrida mpaka kumusiya chimanjamanja. Nzeru zinalipo, koma maso ankaterereka. Akafuna dzenje lachitatu, ankagwera lachinayi. Sarah anati ndi mmene onse amayambira, maso nawo ndi mnofu, amafuna kulimbitsa. Kompyuta sakanaisiya chifukwa inali imodzi ya odwala onse a mbali ya Katete ndi Sinda, koma anati azibwera nayo sabata ndi sabata.

Madzulo a Vainess anafotokoza zonse kwa mkamwini. Patson anati makina amasewera okha, ndi mmene amapezera thandizo kwa azungu anthu a kuchipatalawa. Anati asamutayitse nthawi, iye ali ndi tomato wofuna kuthirira. M'mawa mwake, potuluka, anamuphimbanso mkazi wake kumaso.

Chitenje chimenecho chinali cha timikombero tachikasu tondandana m'mizere. Dzuwa likalowa pawindo, timikomberoto tinkawala pamaso pake penipeni. Winfrida anatiyang'ana, n'kuona kuti ndi maenje. Anasankha kamodzi n'kukagwira ndi maso. Kanathawa. Anakagwiranso. Anayamba kuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, dzenje ndi dzenje osadumpha, miyala akuwerengera mumtima. Mutu unkapweteka ngati wasenza nkhuni zaziwisi, koma akapuma ankayambiranso. Patson akakhala kumutu kwake n'kumaseka ndi Scholastica, iye anali pansi pa chitenje akufesa miyala. Sarah atabweranso, Winfrida anadya kompyuta kamodzi. Ulendo winawo anaidya mpaka Sarah anaikweza kuti izisewera mwaukali.

Ng'oma za ku Mkaika zinali zitayamba kumveka madzulo, ndipo malole odzaza anthu ankadutsa mumsewu. Patson anagulira Juliet chikwama chatsopano. A Vainess ataona chikwamacho sanagone nacho mumtima. Anatuma uthenga kwa mlongo wawo a Lazarous ku Sinda, amene anali malume a Winfrida komanso nkhoswe ya ukwati wake. A Lazarous anatumiza mawu ku Vubwi kwa a Solomoni, atate a Patson, kuti mwana sachoka pamudzi akulu asanakhale pansi. Kenaka a Vainess anagwira Sarah dzanja n'kumupempha kuti tsiku la nkhaniyo abwere ndi chinthu chake choopsa chija.

Tsikulo litakwana, akulu onse anakhala pakhonde chakum'mawa dzuwa lisanafike, poti Sarah anati kuwala kwambiri kumasokoneza kandodo. Anamunyamula Winfrida pamphasa n'kumutsamiritsa kukhoma. Aka kanali koyamba kuona bwalo lake chigwereni. Mtengo wa mapapaya unali utakula, mbuzi zinali zochepa kuposa zimene anazisiya. A Vainess anatuma Juliet kwa aneba.

Patson anayankhula poyamba, ndipo anayankhula bwino, poti pakamwa anali napo. Anati iye mkazi wake sanamutaye, amamusunga, amamuteteza ndi ku ntchentche komwe. Koma chilungamo chinenedwe, munthu mulibemo. Mwana wamkazi akukula, akufuna mayi womulangiza, ndipo kwa mlongo wake kuli sukulu yabwino. A Lazarous anangoti tamva. A Vainess anati mwana wawo alimo, ndipo aonetsa yekha.

A Solomoni anali nkhalamba yaitali yokonda kuona chinthu ndi maso ake. Anati ngati nkhani ili m'maso, iwo akhala poti awaone bwino masowo. Ananyamula kampando kawo n'kukakhala kuseri kwa kompyuta, chibwano chili pamwamba pa galasi penipeni.

Sarah anayatsa. Maenje anaoneka. Ndipo maso a Winfrida anagwa pansi.

Sanachite kufuna. Chikwatiwireni sanayang'anepo apongozi ake aamuna kumaso. Akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire n'kugwada. Madzi ankawapatsa atatembenuzira nkhope kumbali. Ankawadziwa ndi mapazi, ndi nsapato zawo za matayala zomwe anali kuziona tsopano pansi pa mpando. Kuti ayang'ane maenje kunali kuyang'ana nkhope yawo. Thupi lonse linamukana kalekale, koma mwambo wokha unatsalira m'zikope, ndipo unazikoka ngati mwala.

Sarah anati amake Juliet, yang'anani kuno. Palibe chinachitika. Anapukuta kandodo ndi nsalu, anayang'ana batire, anasendeza mpando. Iye anakulira m'tauni, sanaone chimene chinali patsogolo pake. A Vainess anayamba kunong'ona kuti ananena iwo, makina awa amachititsa manyazi tsiku la alendo.

"Mwaona?" anatero Patson, mawu ali ofewa ngati womvera chisoni. "Ndi chimene ndimakhala nacho ine tsiku ndi tsiku. Tikuvutitsa mtembo."

A Lazarous anapuma mozama. Anati mwina wodwala watopa, koma nawonso sangabwerenso kawiri kuchokera ku Sinda, ndipo ngati zili chonchi, mwina mwana apite ndithu kwa azakhali ake, adzabwera patchuthi. Patson anaimirira, anati akalongeze chikwama kuti anyamuke ndi atate mawa m'mawa.

Winfrida anamva phazi lake likulowa m'nyumba. Anamva zipi ya chikwama. Anaona Juliet ali ndi khanda la mkazi wina kumsana, ataima padzuwa pafupi ndi malire, msana utapindika usanakhwime. Anadziuza kuti ulemu anaupereka zaka zonsezi, ndipo palibe anabwera kudzamuvundukula chifukwa cha ulemuwo. Anakweza zikope monga mmene munthu amazulira chitsa, pang'ono, n'kupuma, pang'ono. Anaona maondo a apongozi. Anaona mabatani a jekete. Anaona ndevu zoyera. Kenaka anawayang'ana m'maso, ndipo sanaphethire.

Amene anagwetsa maso anali a Solomoni. Ananyamula kampando kawo mofulumira ngati akhala pa nyerere, n'kukakhala kumbali, atafulatira.

"Ndalakwa ndine," anatero, akuyankhula ndi nthaka. "Ndinakhala pamaso pa mpongozi wanga ngati mwana wosalangizidwa. Iye wandipatsa ulemu wanga, ife n'kumati mulibe munthu. Chipika chimadziwa mpongozi?"

Pagalasi kamkombero kanazungulira dzenje, kanatseka, miyala inayamba kugwa.

Patson anatuluka ndi chikwama m'manja, n'kunena kuti izi ndi zimene ananena, makina akusewera okha. A Solomoni anati chabwino, makina alibe makutu, ndiye iwo atchula dzenje. Anati amayi, mutikhululukire, tiyang'anireni lakumapeto kudzanja lamanja. Miyala ya kumapeto kumanja inanyamuka. Anatchula lina la pakati. Inanyamuka. A Lazarous anatchula lawo, mwadala anasintha mawu pakati, ndipo kamkombero kanasiya dzenje loyamba n'kupita pa lachiwiri.

"Khala pansi usewere naye," anatero a Solomoni kwa mwana wawo. "Iwe ndi chala, iye ndi maso. Ukadya chipika, mwana utenge."

Sarah anakonza kuti asewere awiri. Patson anakhala chammbali, akuseka kuti anthu aone kuti sakuopa. Winfrida ankamudziwa kasewero kake monga ankadziwira kadyedwe kake: dzenje lodzaza silimudutsa. Anamuikira lodzaza patsogolo. Patson analidya, n'kuyang'ana anthu. Anamuikira lina, analidyanso. Pofika apo mzere wake wam'kati unali utatseguka ngati khola loiwalika. Winfrida anagwira ndi maso kadzenje ka miyala iwiri kamene palibe ankakawerengera. Miyala inayenda, inadya, inazungulira, inadyanso, osagona. A Lazarous anayamba kuwerenga mokweza kenaka analeka. Maso a Winfrida ankayaka ngati muli tsabola, koma anakumbukira kuti kamera sikonda madzi, ndipo misozi anaibweza. Pomwe miyala inkagona, Patson anali atatsala ndi mwala umodziumodzi m'maenje, wosayenda: anali atadyedwa.

Palibe anaseka. A Solomoni anafunsa Sarah ngati munthu wotere angafunsidwe mafunso. Sarah anati atero: dzenje lakumapeto kumanja likhale inde, lakumanzere likhale ayi.

A Solomoni anayamba ndi zapafupi. Anafunsa ngati akudziwa amene akuyankhula. Inde. Ngati akumva kuwawa. Ayi. Kenaka anakhosomola, n'kunena kuti iwo ku Vubwi amakhala, ndipo mwana wawo wamkazi sanawauzepo kuti akuyembekezera mlendo, nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi.

"Amayi, kodi Juliet akupita kwa azakhali ake?"

Kumanzere.

Patson anati atate, musamvere makina. A Solomoni anamuuza kuti fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Kodi akupita kusukulu?"

Kumanzere.

"Paboma pali mayi wina wa zitenje. Anthu akhala akundipatsa moni wachilendo, akuti ndili ndi mdzukulu amene sindinamuone. Kodi dzina loti Scholastica munalimvapo m'nyumba muno?"

Kumanja.

"Mwana wathuyu akukakhala mlezi kumeneko?"

Kamkombero kanazungulira dzenje lakumanja, kanatseka, ndipo Winfrida sanachotsepo maso. Kanazunguliranso, kanatsekanso.

A Vainess anafuna kuyankhula, koma a Lazarous anawagwira mkono. A Solomoni anafunsa mwana wawo kuti zimenezi mkazi wake anazimva kuti, popeza sayenda. Patson anayang'ana chikwama chimene chinali m'manja mwake ngati wachitola panjira. Anati ankaganiza kuti samva.

"Unkayankhulira pamutu pake," anatero a Solomoni. "Samva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ika pansi chikwamacho, si chako."

A Lazarous anati nkhani ya mwana yatha, Juliet sachoka. Yatsala ya mkamwini. Anati mwa mwambo akanafunsa mlongo wawo, kapena akanagamula okha monga malume, koma mwini nyumba ali pompano ndipo wamva zambiri kuposa onse. Anasendera pafupi n'kufunsa mofatsa: mwana wa mlongo wanga, bamboyu akhalebe pakhomo pano?

Patson anagwada. Kanali koyamba chigwereni mkazi wake kuti amuyang'ane kumaso. Anamutchula amake Juliet, anati satana ndi amene anamulowa, anati ndani azithirira dimba, ndani azimunyamula popita naye kuchipatala. Winfrida anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, mwamuna amene anamanga naye nyumbayi njerwa ndi njerwa. Kenaka anabweza maso pagalasi, n'kupita nawo kumanzere.

Mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo. Patson anabwera ndi bulangete, nkhwangwa ndi wailesi yomwe inafa kale. Nkhokwe, mbuzi ndi dimba zinali panthaka ya akuchikazi, ndipo zinatsala. A Solomoni anakana kukwera naye minibasi imodzi. Asananyamuke anaima pakhonde atafulatira, n'kupempha mpongozi wawo kuti aziwalola kubwera kudzaona mdzukulu, ndipo Sarah anawauza kuti wayang'ana kumanja.

Chitseko cha nyumba ija sichitsekedwanso masana. Amayi a kutchalitchi anayambiranso kubwera, ena kudzapemphera, ena kudzadyedwa pansolo tsiku limene Sarah wabwera. Masiku ena onse a Vainess amafunsa, Winfrida amayang'ana kumanja kapena kumanzere, ndipo palibe amatchulanso nkhuku. A Vainess amachenjezabe aliyense kuti asayandikire kandodo kaja ali ndi mimba.

Patson anafika ku Vubwi ndi bulangete lake. Scholastica anayang'ana kumbuyo kwake kufuna mlezi amene analonjezedwa, anayang'ana m'manja kufuna chimanga, n'kumuuza kuti pakamwa podyetsa ali napo kale pamodzi. Kwa atate ake anapeza mawu atamutsogolera, ndipo sanamulandire. Anabwerera ku Katete, kumene amagona kuseri kwa sitolo ya munthu n'kumatsitsa katundu wa anthu pamsika.

Tomato wa kudimba atapsa, a Lazarous anabwera kudzathandiza kuthyola, n'kupita naye ku Katete pangolo. Atafika pamsika anakodola wonyamula katundu amene anali pafupi, osayang'ana kuti ndani. Munthuyo anabwera, anawerama, anasenza bokosi loyamba. A Lazarous anamuzindikira ndi kayendedwe, koma sanamupatse moni. Anangomuuza kuti anyamule bwino, tomatoyu mwini wake ndi mayi wosamala zinthu zake. Patson anatsitsa ngolo yonse, bokosi ndi bokosi, madzi a tomato amene anathirira yekha akumutsikira m'khosi.